Thandizeni: chiwala ichi anachimanga ndi chiyani?

Wa ku Thondwe

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu mwakachetechete, koma lero ndabwera ndi langa.

Kwathu ndi ku Thondwe, ndipo chino ndi chaka changa chachinayi kuno ku Joni. Ndimagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Dullstroom, kumene alendo amabwera kudzawedza trout m'madamu. Ndimatchetcha udzu m'mbali mwa madamu, kuwaza nkhuni, ndi kunyamulira alendo kaukonde kovuulira nsomba. Kuno nyongolotsi kapena nsima pa mbedza salola. Aliyense amawedza ndi nyambo zomanga zija, za nthenga ndi ulusi, zimene eni ake amati fly, ife timangoti fulayi.

Mu Epulo kunabwera madala ena okalamba ndithu, anakhala sabata yathunthu. Manja awo ankanjenjemera moti twayini ankalephera kuilowetsa pa diso la mbedza, ndiye m'mawa uliwonse ndinkawamangira ndine. Tsiku lonyamuka anandiitana pa galimoto n'kundipatsa kabokosi kachitsulo, mkati muli mafulayi asanu ndi atatu. Anati anamanga okha kale maso akadaona bwino. Nambala yawo sindinatenge, ndiye owafunsa ndilibe.

Asanu mwa mafulayiwo sakundivuta. Pali Walker's Killer awiri, DDD awiri, ndi ina yaitali yooneka ngati kansomba, yokhala ndi kanthenga konyezimira ngati diso mbali zonse ziwiri. Atatu otsalawo ndiwo andisowetsa tulo: ziwala ziwiri ndi mwana wa tombolombo mmodzi, uja amakhala pansi pa madzi asanamere mapiko.

Chiwalacho, abale anga, muchione. Nditachiika patebulo mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi anachikupiza ndi chipewa kuti chiuluke. Loweruka lapitali ndinayesa chimodzi pa damu la kumunsi, dzuwa litapendeka, mphepo ikuwomba kuchokera ku udzu kulowera m'madzi. Chinangotera, sindinawerenge mpaka faifi, trout yaikulu inachimeza n'kudula twayini. Chapita. Chatsala chimodzi, ndipo sindikufuna kuchiponya m'madzi ndisanadziwe mmene anachipangira.

Kamera ya foni yanga ndi yosweka, ndiye ndifotokoza ndi mawu. Mbedza ndi nambala 8, yaitali. Mimba yake ndi yobiriwira motuwira, ili ndi mfundo zisanu ndi imodzi ngati za nzimbe, ndipo ukaifinya imabwerera. Miyendo inayi yakutsogolo ndi yopyapyala, yolimba, yopindika pa bondo ndi pa phazi, osatambasuka ngakhale uikoke. Miyendo iwiri yakumbuyo ndi ina: kumunsi kwa bondo kuli timinga ting'onoting'ono tondondozana, tomwe tija timatikanda pa chala tikamagwira ziwala kumunda. Maso ndi akuda, owala. Tinyanga ndi tiwiri, tosongoka kunsonga. Mapiko ndi amawangamawanga ngati nthenga, koma ndikawakanda ndi chikhadabo sagawanika monga nthenga imachitira.

Tombolombo uja ndi wolemera, wophwatalala, msana wake ndi wosalala ngati khungu koma wayamba kumata pang'ono ndipo pena pang'aluka. Kumimba kwake kuli ubweya.

Ndinagula kavaisi kakale, kopanira mbedza pomanga fulayi, kwa mnzanga ndipo fulayi wamba yotchedwa Woolly Bugger ndimamanga bwinobwino. Koma izi ndi zina. Ndiyambire pati kuti ndidziwe chilichonse kuti ndi chiyani?

Mayi wa Vaisi

Achimwene, mwafotokoza bwino kuposa chithunzi. Ine ndinakhala pa vaisi zaka zisanu ndi ziwiri m'kashopu kena ku Johannesburg, tikumanga mafulayi ogulitsa m'masitolo. Ambiri anali wamba, madazeni ndi madazeni, koma oterewa ankabwera apo ndi apo monga oda yapadera, ndipo chimodzi chinkatha kundidyera theka la tsiku.

Musayambe mwamasula. Yambani ndi kapu ya madzi. Chiikeni pamwamba, kenaka chikankhireni pansi ndi chala. Chikadumpha n'kubwerera pamwamba chosanyowa, ndiye kuti mimbayo ndi siponji yolimba ija, mtundu umodzi ndi wa patapata. Mmene mwanenera kuti imabwerera ukaifinya, ine ndatsimikiza kale. Mfundozo ndi ulusi umene anamanga molimba motalikiranatalikirana. Timabaya kachidutswa ka siponji pa singano, kumangirapo mfundo imodziimodzi, kenaka kuisolola n'kuiika pa mbedza. Mtundu wobiriwirawo ndi maka yosafufutika.

Chachiwiri ndi moto, koma pa kachidutswa kokha. Tengani lezala yatsopano, dulani kansonga kochepa ngati njere ya mpunga ku mwendo umodzi wakutsogolo, ndi kena ku mwendo wakumbuyo. Kagwireni ndi kopanira, kayandikizeni ku kandulo. Mphuno ndi imene idzakuuzeni. Chochokera ku chamoyo, kaya nthenga, ubweya kapena munga wa nungu, chimafwanyapala n'kusanduka phulusa lakuda lofumbutuka, ndipo fungo lake ndi lija la nkhuku ikamawaulidwa. Chapulasitiki chimathawa moto, chimasungunuka n'kupanga kampira kolimba kunsonga.

Ndikulosera kuti yakutsogoloyo ipanga kampira. Ndi nayiloni, yonga ya tsache lapulasitiki kapena ya burashi. Mabondo amapindidwa ndi singano yotenthetsa: mumaigunditsa pang'ono pamene mukufuna bondo, mwendo umagwa wokha, mukachotsa singano umauma pomwepo. N'chifukwa chake sukutambasuka.

Yakumbuyoyo inunkha nkhuku. Timinga timeneto palibe amene angatimate kamodzikamodzi. Ndi nthenga ya m'khosi mwa tambala. Mumaigwira kunsonga, kuipesa chobwerera kuti tiusinga take tiime, kenaka kumeta ndi sizasi mbali zonse kufupi kwambiri ndi tsinde, kusiya zitsa zokhazokha. Zitsazo ndiye minga yanu. Mukapaka vanishi pang'ono zimalimba.

Maso ndi twayini yokhuthala. Dulani kachidutswa, kagwireni pakati, otchani mbali zonse mpaka zipange timipira, mukatero pakani Cutex wakuda.

Pa mapiko ndili ndi ganizo, koma ndikufuna muone nokha. Tembenuzani chiwalacho chagada, tukulani phiko ndi singano, muunike ndi tochi kunsi kwake. Mudzatiuze chimene mudzaone.

Madala a pa Mulunguzi

Mwanawe wa ku Thondwe, moni. Ndakondwa kumva kuti mwana wa kwathu kuno wagwira vaisi. Ine ndinakulira paphiri la Zomba, ndipo ndili mnyamata ndinkaperekeza owedza trout mu Mulunguzi ndi ku damu la Chagwa. Ndinakafikakonso ku Chelinda, ku Nyika, kumene madamu ake alinso ndi trout. Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera izi, ine ndikungolankhula.

Zimene anena mayiwa ndi zoona, sindichotsapo. Ine ndiwonjezere za DDD ziwiri zimene ukuti sizikukuvutazo, chifukwa ndikukayika ngati waziyang'anitsitsa. Fulayi imeneyo ndi ya ku South Africa konko, anaiyambitsa ndi Tom Sutcliffe, ndipo yeniyeni imamangidwa ndi ubweya wa chinkhoma, kanyama kaja kamaima ndi nsonga za ziboda pamwamba pa matanthwe. Ambiri masiku ano amaika ubweya wa deer, nyama yakunja yonga gwape, m'malo mwake. Zula tsitsi limodzi uone. La chinkhoma ndi lokhakhala, lili ndi mitundu yosinthana, kotuwa kutsinde, kodera pakati, kachikasu kunsonga, ndipo ukalipinda limathyoka msanga. Mkati mwake muli mphako, n'chifukwa chake limayandama ndipo ukalimanga ndi ulusi limayanzika ngati ambulera. Ngati madala ako aja anamanga ndi chinkhoma, ndiye kuti mutu wa chiwalacho uuyang'anenso, mwina ndi chomwecho atachimeta. Koma usatume munthu kukatchera chinkhoma kuphiri. N'zochepa kale, ndipo kupha nyama zakutchire popanda chilolezo ndi mlandu. Kachikopa kogula m'sitolo ya zowedzera kakukwanira zaka.

Nthawi yathu ija zogula zinali zosowa. Tinkatola. Nthenga ya nkhanga, ija ya madontho oyera, imapanga miyendo yabwino ya tizilombo ta m'madzi. Nungu ikadutsa pamalo imasiya minga, ndipo kupatula ikuluikulu ija pali ina yopyapyala yaitali ngati tsitsi lolimba. Imeneyo ukaiviika m'madzi ofunda imafewa, umaipinda mmene ukufunira, ikauma imakhala choncho. Ubweya wa kumimba tinkatenga ku khutu ndi kumaso kwa kalulu. Ngati ubweya wa tombolombo wakoyo uli wosakanikirana, wofewa ndi wina wolimba wamawanga wotulukira kunja, ndi kalulu ameneyo. Waya wa kopa tinkamasula mu wailesi yakufa. Ndipo usaone ngati unali umphawi wathu wokha. Frank Sawyer, amene ankayang'anira mtsinje wa Avon ku England, anamanga Pheasant Tail Nymph yake ndi zinthu ziwiri basi, tiusinga ta mchira wa mbalame ya pheasant ndi waya wa kopa wa m'zipangizo zamagetsi, wopanda ngakhale ulusi. Mpaka lero ikupha nsomba dziko lonse.

Apa ndiye ndinene zanga zimene mwina sizikusangalatsa. Ine mafulayi ofanana kwambiri ndi chamoyo sindiwakhulupirira kwenikweni m'madzi. Chiwala chenicheni chikagwera pa damu chimapalasa, miyendo imagwedera, madzi amachita timafunde. Cha miyendo yanayiloni chimangoti gwa, ngati chouma. Trout imafika, kuyang'ana, kubwerera. Ndaziona ndi maso angawa pa madzi oyera a Mulunguzi, pamene nsomba umaiona bwinobwino ikubwera. Yako ija inameza chifukwa kunali mphepo ndipo unaponya nthawi yake. Ndiye ukamamanga chako, ndikupempha umange ziwiri. China chofanana ndendende ndi cha madalawo, kuti dzanja liphunzire. China uike miyendo yofewa, ya tiusinga ta pheasant kapena ta nkhukundembo tomanga mfundo pakati kuti pakhale bondo. Ukaziponye tsiku limodzi, udzandiuze.

Mlongo wa ku Leeds

Moni achimwene, moni amayi, moni agogo. Ine ndili ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo masiku opuma ndimawedza mu mtsinje wa Wharfe. Kuno ku Yorkshire n'kwawo kwa Oliver Edwards, amene anatchuka ndi kumanga tizilombo ta m'madzi tofanana ndi tamoyo koma toti n'kuwedzera, ndiye nkhani imeneyi imakambidwa kwambiri m'magulu athu.

Ndikupatseni mayina a m'sitolo, kuti mukalowa mu shopu ku Dullstroom musavutike kufotokoza. Miyendo yanayiloni ija imagulitsidwa ndi dzina loti Japanese Nymph Legs. Tinyanga tosongokato tikhoza kukhala Microfibetts, tomwe kunena zoona n'chimodzimodzi ndi tsitsi la burashi yabwino yojambulira, kapena tikhoza kukhala tsitsi la nyama yotchedwa moose. Moto womwewo usiyanitsa. Koma pa tinyanga musadule, n'tiwiri tokha. Tenthetsani singano muigunditse kunsonga kwenikweni. Nayiloni ipindika nthawi yomweyo, tsitsi lingopserera.

Msana wa tombolombo womata ndi kung'alukawo ndi latex, mphira wopyapyala wa mtundu wa magolovesi a kuchipatala. Ukakalamba, makamaka ukaona dzuwa ndi kutentha, umayamba kumata kenaka n'kuphwanyika. Zimenezi zikusonyezanso kuti fulayiyo ndi yakale ndithu. Palibe mankhwala oubwezera. Ichotseni m'kabokosi kachitsuloko ngati kamakhala padzuwa, muisunge pamthunzi payokha kuti isamatirire ku nthenga za anzake. Pomanga yanu mukhoza kudula kalamba ku golovesi, kapena kugula kalamba ka m'sitolo kotchedwa Nymph Skin. Mumakulunga kuyambira kumchira, mzere uliwonse kukwera pang'ono pa unzake, ndiye mfundo zimaoneka zokha.

Kulemerako: ngati kumutu kulibe kamkanda kachitsulo, ndiye kuti mkati muli waya wa mtovu. Amaukulunga pa mbedza kenaka kuufinya ndi pulayala, n'chifukwa chake thupi laphwatalala. Kukanakhala kamkanda mukanasiyanitsa ndi kulemera, pakuti kamkanda ka chitsulo cha tungsten kamalemera kuposa kawiri ka chitsulo cha brass ka kukula komweko. Pa sentimita imodzi mbali zonse, tungsten ndi magalamu 19, mtovu 11, brass pakati pa 8 ndi 9.

Mudzawerengenso kumchira. Mwana wa tombolombo wamkulu ndi wonenepa, kumbuyo kuli timinga tifupitifupi. Akakhala wowonda wokhala ndi timichira titatu tonga masamba, ndi wa mtundu wina uja wochepa thupi, umene umapinda mapiko ukatera. Zimathandiza kudziwa chimene madalawo ankatsanzira, chifukwa kakokedwe kake m'madzi n'kosiyana.

Agogo, pa za miyendo youma ndikugwirizana nanu theka. Pa madzi odekha, inde. Koma pa madzi othamanga nsomba ilibe nthawi yoyang'anitsitsa, imaona maonekedwe a thupi lonse, ndipo tizilombo tophwatalala ta pansi pa miyala timadziwika ndi miyendo yotambalala. Pamenepo yolimba imandiphera bwino.

Chomaliza, fulayi yanu yonga kansomba ija musaipeputse. Kanthenga konyezimira ngati diso, kolimba ngati kopakidwa vanishi, kachikasu ndi koyera pa chakuda, ndi jungle cock, tambala wakutchire wa ku India. Mbalame imeneyo ili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zosowa, kutanthauza kuti chikopa chake sichidutsa malire a mayiko popanda mapepala. Wina akakutsatsani chikopa chathunthu motchipa, funsani kumene chachokera. Kuno anthu saiwala za 2009, pamene Edwin Rist, mnyamata wa ku America wophunzira zoimba, anathyola nyumba yosungira mbalame ya Natural History Museum ku Tring n'kuba zikopa 299 za mbalame zosowa, zina n'kumazigulitsa kwa omanga mafulayi owedzera nsomba za salmon. Zina mwa izo zinali zosungidwa kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo zambiri zinabwerako zitazulidwa nthenga kapena zitachotsedwa timapepala tosonyeza kumene zinatengedwa. Zoyerekeza za jungle cock zapulasitiki zilipo, nsomba sizikana.

Wa ku Thondwe

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo nditaweruka ndinakhala pansi ndi kandulo, lezala ndi kapu ya madzi mpaka cha m'ma 11 usiku.

Amayi, zonse zayenda monga munanenera. M'madzi chinadumpha ngati chitsekerero cha botolo. Kachidutswa ka mwendo wakutsogolo kanapanga kampira. Ka mwendo wakumbuyo kananunkha nkhuku moti mnzanga uja anadzuka n'kufunsa ngati ndikuphika. Podula dzanja linkandilemera, chifukwa ndinkaona manja a madala aja. Koma ndadula pang'ono kwambiri, simungazindikire.

Kenaka phiko. Ndinalitukula ndi singano, ndikuunika ndi tochi ya foni ya mnzanga. Pamwamba ndi nthenga ndithu, mizere yake ikuoneka yondondozana. Koma kunsi kuli kaukonde kosalala, timabowo ting'onoting'ono kwambiri, kofiirira. Ndinayang'ana nthawi yaitali ndisanazindikire kuti ndinakaonapo: ndi nsalu ya masitokingi aja amavala amayi ku tchalitchi kapena ku ofesi. Kodi ndi chimene munkaganiza?

Agogo, ndazula tsitsi limodzi pa DDD. Lathyoka nditangolipinda, ndipo mitundu itatu ija ilipo. Ndi chinkhoma. Mutu wa chiwala wokha ndi siponji. Ziwiri zija ndimanga monga mwanenera, ndipo mu Disembala ndikubwera kumudzi. Thondwe ndi paphiri si patali, ndikufuna ndidzakuonetseni pamaso.

Alongo, tombolombo alibe timichira titatu, ndi wonenepa uja. Ndamuika m'kabotolo ka mankhwala kopanda kanthu, m'chikwama pansi pa bedi. Tinyanga ta chiwala tapindika ndi singano, ndiye ndi nayiloni.

Mayi wa Vaisi

Ndi chomwecho, achimwene. Nthenga payokha imang'ambika nsomba ikangoluma kamodzi, ndiye timaimata pa sitokingi. Kokani sitokingi pakamwa pa chitini mpaka ithine ngati ng'oma, imangeni ndi labala. Sankhani nthenga zamawanga, za nkhukundembo kapena za kumsana kwa thadzi, zipakeni vanishi wofewa kunsi, zigonekeni pa nsaluyo n'kuzisalaza ndi chala chonyowa kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Zigone usiku wonse. M'mawa mumadula ndi sizasi mmene phiko likhalire, n'kulipinda pakati ngati denga. Cutex wosaoneka mtundu amagwira, koma amauma gwa ndipo pakapita nthawi amasweka, ndiye mukapeza vanishi wa mafulayi wofewa uja tengani ameneyo.

Pa miyendo ya tsache, singano isachite kufiira. Ikafiira imadula. Iwerengereni mpaka atatu mutaichotsa pamoto, ndipo miyendo muzipinda pomalizira, fulayi yonse itatha.

Wa ku Thondwe

Amayi, uthenga wanu ndauona mochedwa. Tsache la kukhitchini ndalithothola kale mbali imodzi, ndipo miyendo khumi ndi umodzi ndadula ndi singano yofiira ndisanapeze bondo limodzi labwino. Tsopano ndamva pamene ndimalakwitsa. Sitokingi ndapempha kwa mayi wina amene amachapa kuno, akuti abweretsa yakutha Lachisanu. Nthenga za m'khosi mwa tambala ndili nazo, koma za nkhanga ndi zimene zachuluka kuno, zimangogwa m'mbali mwa mpanda. Kodi madontho oyerawo ndikawadetsa ndi maka yabulauni zingagwire ntchito ngati phiko, kapena ndidikire ndithu za nkhukundembo?